Kasamalidwe ka Makutu ndi Maso a Mphaka Pakhomo

Mphaka ndi nyama yodzisamala yokha. Akadya n'kukhuta amakhala pakhonde, amanyambita phazi lakutsogolo mpaka linyowe, kenako amalipititsa kumaso ndi kuseri kwa makutu mobwerezabwereza, ndipo potero gawo lalikulu la ukhondo wake amakhala wathana nalo mwiniwake. N'chifukwa chake mphaka wathanzi safunika kutsukidwa m'makutu kapena m'maso kawirikawiri, ndipo alipo ambiri amene amakalamba osathiridwapo kanthu kalikonse m'khutu. Udindo wa mwini mphaka ndi kuyang'ana pafupipafupi, kupukuta pang'ono pamene pali chopukuta, ndiponso kuzindikira msanga pamene litsiro lasiya kukhala litsiro wamba n'kukhala chizindikiro cha matenda. Mfundo imeneyi ndikuiika patsogolo chifukwa khutu ndi diso zimawonongeka mosavuta ndi dzanja lachangu, ndipo munthu wokonda chiweto chake akhoza kuchigonthetsa kapena kuchichititsa khungu pothira zinthu zimene iye amaziona ngati mankhwala.

Kuyang'ana kamodzi pa sabata

Sankhani nthawi imene mphaka wadya ndipo akuwodzera, makamaka masana pamalo owala bwino, chifukwa kuwala kwa nyali kumabisa kufiira kwa khungu. Muyambe ndi kumusisita monga mwa masiku onse, kenako pindani khutu pang'ono chakumbuyo kuti m'kati muoneke. Khutu labwino limakhala lofiirira motuwa, losalala, louma, lopanda fungo, ndipo ngati muli phula limakhala lochepa komanso lofiirira pang'ono. Musachite manyazi kununkhiza, pakuti mphuno imazindikira matenda a m'khutu maso asanaone kanthu. Pali zinthu ziwiri zimene zimadetsa nkhawa anthu pachabe. Choyamba ndi kathumba kakang'ono kamene kali m'mphepete mwa khutu chakumunsi, komwe mphaka aliyense amabadwa nako, ndipo chachiwiri ndi kuchepa kwa ubweya pakati pa diso ndi khutu, komwe kumaoneka kwambiri pa amphaka akuda. Zimenezi si matenda, malinga ngati khungu la pamalopo lilibe nkhanambo kapena zilonda.

Mukatha makutu, yang'anani nkhope molunjika. Maso onse awiri ayenera kukhala otsekuka mofanana, owala, opanda chifunga, ndipo timadontho takuda ta pakati pa maso tiyenera kukhala tofanana kukula. Kanthongo kakang'ono kouma pakona ya diso, kufupi ndi mphuno, n'kachibadwa. Kokerani pansi chikope cham'munsi ndi chala chachikulu kuti muone mnofu wa m'kati mwake, womwe uyenera kukhala wofiirira bwino. Ukakhala wotuwa kwambiri ndiye kuti magazi achepa, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa ana a mphaka odzaza nthata, ndipo ukakhala wachikasu ndiye kuti vuto lili m'chiwindi kapena m'magazi, osati m'diso. Mphaka alinso ndi chikope chachitatu, kanembanemba kotuwa kamene kamabisala pakona ya m'kati. Kamaoneka pang'ono akamawodzera, koma kakaphimba mbali ya diso mphaka ali maso, n'chizindikiro chakuti diso likupweteka kapena thupi lonse silili bwino, mwina chifukwa cha kutsekula m'mimba, njoka za m'mimba kapena kuchepa kwa madzi m'thupi.

Kagwiridwe kake

Mphaka wozolowera kugwidwa makutu ndi nkhope kuyambira ali mwana savuta. Wosazolowera ndi bwino kumukulunga m'thaulo kapena m'chitenje chokhuthala, kuyambira m'khosi kutsika, kuti miyendo yonse inayi ikhale m'kati ndipo mutu wokha utuluke. Muikeni pamiyendo panu kapena patebulo atayang'ana kutsogolo, msana wake utatsamira pamimba panu kuti asabwerere m'mbuyo. Ngati muli awiri, wina agwire thupi wina agwire ntchito. Musamunyamule ndi chikopa cha pakhosi, musamukalipire, ndipo akayamba kulira mokwiya kapena kupuma ndi pakamwa, musiyeni apume. Khutu limodzi lero ndi linalo mawa n'zokwanira. Mukamaliza mupatseni kachakudya kamene amakakonda kuti ulendo wina asathawe akangoona thaulo.

Mphaka akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mphakayo sanabayidwe katemera wa chiwewe kapena ndi wongotola. Mano a mphaka ndi owonda ndipo amalowetsa tizilombo mozama, choncho bala looneka laling'ono limatha kutupa kwambiri pofika mawa lake.

Kutsuka makutu

Ngalande ya khutu la mphaka imatsika kaye, kenako imakhotera m'kati kulunjika kumutu, ndipo kumapeto kwake kuli nembanemba yopyapyala imene imagwira mawu. Kuseri kwa nembanembayo kuli ziwalo zothandiza kumva ndi zothandiza kuti nyama iyende osadzandira. Munthu sangaone kupitirira pokhotapo popanda chipangizo cha dokotala, ndipo lamulo lonse la katsukidwe ka makutu lagona pamenepa: pukutani pokhapo pamene maso anu akuona. Timitengo tathonje totokosera m'makutu, nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi siziyenera kulowa m'ngalandemo, chifukwa zimakankhira litsiro pansi n'kulitsendera pa nembanemba, ndipo mphaka akagwedeza mutu mwadzidzidzi zimatha kuiboola.

Ngati litsiro ndi lochepa ndipo lili pakhutu lakunja lokha, tengani thonje kapena kansalu kofewa koyera, kanyowetseni ndi madzi owiritsa amene azirala mpaka kukhala ofunda pang'ono, kafinyeni kuti kasadonthe, ndipo kakulungeni kuchala. Pukutani kuchokera m'kati kutulukira kunja, mukutsata timikwingwirima ta khutu, ndipo khutu lililonse likhale ndi thonje lakelake kuti musasamutse matenda. Pomaliza pukutani ndi thonje louma. Madzi sayenera kuthiridwa m'ngalande, chifukwa chinyezi chotsalira ndicho chimene tizilombo toyambitsa mafinya ndi fungo timakonda.

Phula likachuluka mpaka pakhomo pa ngalande, pamafunika mankhwala otsukira m'makutu opangidwira amphaka, omwe amapezeka kwa madokotala a ziweto ndi m'masitolo ena a mankhwala a ziweto. Fumbatirani botolo m'manja kwa kanthawi kuti mankhwala asakhale ozizira. Gwirani nsonga ya khutu n'kuikokera m'mwamba pang'ono, donthezani muyezo umene walembedwa pabotolo popanda kulowetsa kamwa la botolo m'kati, kenako sisitani tsinde la khutu, pamene khutu lakumana ndi mutu, kwa masekondi 20 kapena 30. Mudzamva kaphokoso ka madzi akutakasika m'kati, ndipo kameneko ndiko kakusonyeza kuti mankhwala afika pamene akufunika. Musiyeni mphaka akutumule mutu, chifukwa kukutumulako ndiko kumatulutsa litsiro la pansi, ndipo inu mungopukuta zimene zatulukira kunja. Ntchitoyi ndi yabwino kuigwirira pabwalo kapena pamalo osavuta kukolopa. Musaibwereze tsiku ndi tsiku pokhapokha dokotala atanena, pakuti khutu lotsukidwa mopitirira limafiira n'kuyamba kupanga phula lochuluka kuposa poyamba.

Sipiriti, kachasu, viniga, madzi a mandimu, parafini, oyilo wa galimoto ndi hydrogen peroxide zimawotcha khungu la m'khutu. Dettol ndi mankhwala ena ofanana naye, komanso mafuta a tea tree, ndi poizoni kwa mphaka ngakhale atangopakidwa pakhungu, chifukwa amalowa m'thupi ndipo mphaka amawanyambitanso podzisamala. Mankhwala odontheza m'makutu a anthu nawonso si oyenera kungoyesa, popeza ena mwa iwo, monga okhala ndi gentamicin, amatha kugonthetsa nyama ngati nembanemba ya m'kati inabooka kale, chinthu chimene simungachidziwe muli pakhomo.

Litsiro lakuda lobwerera msanga

Mukapeza m'makutu onse awiri muli zinyenyeswa zakuda zouma, zooneka ngati masamba a tiyi ofikisa, ndipo mphaka akungodzikanda ndi kukutumula mutu, kawirikawiri vuto limakhala tizilombo ting'onoting'ono totchedwa Otodectes cynotis, timene timakhala m'ngalande ya khutu n'kumadya phula ndi zofundula za khungu. Ndito timayambitsa mavuto ambiri a m'makutu mwa amphaka, makamaka ana, omwe amatitenga kwa mayi wawo. Mukhoza kutiona nokha: ikani zinyenyeswa pang'ono papepala lakuda pamalo owala, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona timadontho toyera tikusuntha. Chizindikiro china n'chakuti mukasisita tsinde la khutu, mwendo wakumbuyo umayamba kukanda wokha.

Kutsuka kokha sikuthetsa tizilomboti. Kuchokera pa dzira kufika pa kachilombo kotha kuikira mazira pamatenga pafupifupi masabata 3, ndipo mazirawo safa ndi mankhwala ambiri, n'chifukwa chake anthu amene amathira mankhwala masiku ochepa n'kusiya ataona kuti khutu layera amadabwa litsiro litabwerera mwezi usanathe. Mankhwala odalirika masiku ano ndi odontheza pakhungu la kumbuyo kwa khosi, okhala ndi selamectin kapena moxidectin, omwe amagwira ntchito kwa mwezi wathunthu ndipo nthawi zambiri amabwerezedwa pakatha masiku 30. Muyezo wake umatengera kulemera kwa mphaka, ndipo sapatsidwa kwa ana osakwana masabata 6 mpaka 9, malinga ndi mtundu wa mankhwalawo. Tizilomboti timayenda kuchoka pa mphaka kupita pa galu, choncho amphaka ndi agalu onse a pakhomo ayenera kulandira chithandizo nthawi imodzi, aliyense mankhwala oyenera mtundu wake, ndipo zogonera zawo zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

Apa mpamene pamachitika ngozi yoopsa kwambiri, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mosamala. Mankhwala ambiri ophera nthata ndi nkhupakupa pa agalu ali ndi permethrin, yemwe chiwindi cha mphaka chimalephera kumuchotsa m'thupi. Mphaka wodonthezeredwa mankhwala a galu, ngakhale wongogona pafupi ndi galu amene wangopakidwa kumene, amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu ndi kugwa khunyu, ndipo akhoza kufa. Chimodzimodzinso dibi wa ng'ombe, mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, komanso mankhwala a ufa othira chimanga posunga, omwe anthu ena amawaza pa ziweto pofuna kupha nthata. Zikachitika mwangozi, sambitsani mphaka msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mufunditseni, ndipo thamangirani naye kwa dokotala mutatenga chikutu cha mankhwalawo. Panado nayenso asayandikire mphaka ngakhale mukuona kuti khutu likumupweteka, pakuti m'bulu umodzi wa 500 mg ndi wokwanira kumupha.

Pakhomo pamene pali nkhuku pamakhalanso vuto lina, la utitiri umene umamatirira m'mphepete mwa makutu a mphaka ndi mozungulira maso, monga umachitira pa lipombo ndi pankhope ya nkhuku. Umaoneka ngati mzere wa timadontho takuda tosasuntha, chifukwa waukazi umazika kamwa pakhungu n'kukhala pomwepo. Pamakutu mukhoza kupaka Vaseline wochepa kuti ubanike, kenako n'kuuchotsa ndi kachopanira kakang'ono, koma pafupi ndi diso musapake kanthu ndipo chotsani umodziumodzi mosamala wina atagwira mutu. Utitiriwu umaswana m'zinyalala za pansi m'khola la nkhuku, choncho ngati khola silisesedwa ndi zinyalalazo kutenthedwa, mphaka adzautenganso. Nkhupakupa ya m'khutu igwireni ndi chopanira pafupi penipeni ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono molunjika, osaiwotcha ndi moto kapena kuithira parafini.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, kutsuka kuyenera kulekeka ndipo mphaka apite kwa dokotala. Khutu lotuluka mafinya kapena magazi, lonunkha, lotentha, kapena lopweteka moti mphaka akulira mukalikhudza, lili ndi matenda ofunika kupimidwa. Mutu wopendekera mbali imodzi, kuyenda mozungulira, kudzandira kapena maso ovinavina zikusonyeza kuti matenda alowa m'kati kupitirira nembanemba. Khutu lotupa mofewa ngati muli madzi limakhala kuti mtsempha waphulika chifukwa chokanda, ndipo kuliboola pakhomo kumangobweretsa mafinya n'kulisiya lokwinyika mpaka kalekale. Mphaka wamng'ono amene khutu limodzi lokha limangodwaladwala akhoza kukhala ndi kanyama komera m'kati, komwe kamachotsedwa ndi opaleshoni. Nkhanambo zozungulira zothothola ubweya pamakutu ndi pankhope zikhoza kukhala chipere, chomwe chimapatsirana ndi anthu, makamaka ana amene amagona ndi mphaka.

Mphaka woyera, kapena wa makutu ndi mphuno zoyera, amafuna diso lapadera m'maiko a dzuwa lamphamvu ngati athu ano. Nsonga za makutu ake zimapsa ndi dzuwa, zimafiira, zimathothoka ubweya, ndipo pakapita zaka pamabuka kachilonda kokhala ndi nkhanambo kosapola, komwe nthawi zambiri kamakhala khansa ya pakhungu. Ikapezeka msanga, dokotala amadula nsonga ya khutu ndipo mphaka amakhala bwinobwino. Kupewa kwake ndi kumusunga m'nyumba kapena pamthunzi kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, makamaka m'miyezi yotentha ya September mpaka November.

Kupukuta maso

Maso amafuna dzanja lofewa kuposa makutu, koma kapukutidwe kake n'kosavuta. Chabwino koposa ndi madzi amchere a m'botolo ogulitsidwa m'masitolo a mankhwala, aja a 0.9 peresenti. Ngati palibe, wiritsani theka la lita ya madzi, sungunulanimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira, dikirani azirale, ndipo otsala muwataye tsiku likatha. Sambani m'manja, nyowetsani thonje, ndipo pukutani kamodzi kuchokera pakona ya kumphuno kupita kunja, osakhudza diso lenilenilo. Thonje limenelo litayeni, ndipo mukafuna kubwereza tengani lina. Diso lachiwiri liyambenso ndi thonje latsopano. Manthongo akauma n'kumata ubweya musawakanganule, koma gwirizani thonje lonyowa lofunda pamalopo kwa mphindi imodzi kuti afewe okha. Amphaka a nkhope yophwatalala, monga a mtundu wa Persian, amatuluka misozi nthawi zonse chifukwa tinjira totsitsira misozi kumphuno n'topindika, ndipo amenewa amafunika kupukutidwa tsiku lililonse ndi kuumitsidwa bwino kuti khungu lisasupuke.

Mtundu wa zotuluka m'diso umakuuzani zambiri. Misozi yoyera yochepa, diso lili lotsekuka bwino, ikhoza kuyamba ndi fumbi la m'chilimwe kapena utsi, popeza amphaka amakonda kugona pafupi ndi mafuwa kapena mbaula m'nyengo yozizira, ndipo imeneyi mukhoza kuipukuta n'kuyembekeza tsiku limodzi. Manthongo achikasu kapena obiriwira, diso lofiira ndi lotupa, kutsinzina diso limodzi, kulikanda ndi phazi, chifunga kapena ng'ala pagalasi la diso, zonsezi siziyenera kudikira kupitirira tsiku. Diso limodzi likatsinzina mwadzidzidzi, kawirikawiri limakhala lakandidwa pa ndewu kapena mwalowa kambewu ka udzu kuseri kwa chikope chachitatu. Chilonda cha pagalasi la diso sichioneka ndi maso wamba. Dokotala amadonthezamo utoto wa fluorescein umene umachisonyeza mobiriwira. Kupima kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ambiri a m'maso a anthu ali ndi dexamethasone, betamethasone kapena hydrocortisone, ndipo amenewa akathiridwa m'diso lachilonda amachedwetsa kupola n'kukulitsa chilondacho mpaka diso kuphulika. Botolo lotsala kwa munthu wa pakhomo kapena kwa chiweto china lisagwiritsidwe ntchito. Mkaka, shuga, madzi a masamba ofinya ndi malovu nazonso zisalowe m'diso.

Dokotala akakupatsani mankhwala, kathiridwe kake ndi aka. Pukutani kaye manthongo, kwezani chibwano cha mphaka ndi dzanja limodzi, ndipo dzanja logwira botolo libwere kuchokera kumbuyo kwa mutu litatsamira pachipumi, kuti mphaka asalione likubwera komanso kuti akasuntha, dzanja lisunthire naye limodzi. Donthezani dontho limodzi popanda kukhudzitsa kamwa la botolo kudiso. Ngati ndi mankhwala opaka, kokerani pansi chikope cham'munsi, ikanimo kamzere kotalika pafupifupi theka la sentimita, ndipo tsekani diso mofatsa kuti afalikire. Mankhwala akakhala awiri, yambani ndi odontheza, dikirani mphindi 5, kenako opaka. Malizani masiku onse amene mwauzidwa ngakhale diso litaoneka lapola.

Chimfine cha amphaka ndi maso a ana

Gwero lalikulu la maso a manthongo, makamaka mwa ana a mphaka, ndi chimfine cha amphaka, chomwe chimayamba ndi mavairasi awiri, feline herpesvirus ndi calicivirus, ndipo nthawi zina bakiteriya wotchedwa Chlamydia felis amawonjezerapo. Mphaka amayetsemula, amatuluka mamina, maso amamatana, ndipo amasiya kudya chifukwa mphuno yotsekeka imamulepheretsa kumva fungo la chakudya. Kusamala kwa pakhomo kumathandiza kwambiri pa matendawa: pukutani maso ndi mphuno kangapo pa tsiku, musungeni pofunda kutali ndi amphaka ena, muikireni mbale zakezake, ndipo chakudya chitenthetsedwe pang'ono kuti fungo limveke, monga usipa kapena nyama ya nkhuku yophika popanda mchere ndi anyezi. Mphaka wamkulu akatha masiku 2 osadya, kapena mwana akatha tsiku limodzi, pafunika dokotala. Vairasi ya herpes ikalowa imakhala m'thupi moyo wonse, ndipo imadzuka mphaka akasokonezeka, monga posamuka nyumba, pobereka kapena pakabwera chiweto chatsopano, choncho musadabwe diso lomwelo likamayambiranso patapita miyezi. Mavairasiwa sagwira anthu, komabe sambani m'manja mukatha. Katemera wake amayamba mwana ali ndi masabata 8 kapena 9 n'kubwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4, ndipo ngakhale satsekereza matendawa kotheratu, amawachepetsa mphamvu kwambiri.

Ana a mphaka amabadwa otsinzina ndipo maso amatsekuka okha pakati pa masiku 7 ndi 14. Musawatsekule ndi zala, ndipo uzani ana a pakhomo kuti asatero. Koma mukaona chikope chotsekacho chatupa, kapena pakona pakutuluka kamafinya, ndiye kuti matenda ali m'kati, ndipo mafinyawo akakhalitsa amawononga diso lisanaone n'komwe kuwala. Ikanipo thonje lofunda lonyowa kwa mphindi zingapo kangapo pa tsiku, ndipo pezani dokotala tsiku lomwelo. Ana otoledwa amene maso awo amatana ndi manthongo amafunika kupukutidwa maola angapo aliwonse, pakuti zikope zikasiyidwa zomatana zimatha kumerera kudiso osatsekukanso bwino.

Njoka, chakudya ndi ukalamba

Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe kuli njoka zolavulira ululu m'maso, ndipo mphaka wosaka makoswe kunkhokwe kapena m'khola amakumana nazo. Akabwera atatsinzina mwamphamvu, misozi ili chuchuchu, zikope zitatupa ndipo akudzikanda kumaso, musataye nthawi kufunafuna mankhwala. Mukulungeni m'thaulo, tsekulani zikope, ndipo tsanulirani madzi oyera ambiri m'diso kwa mphindi 15 mpaka 20, mutu utapendekera pansi kuti madzi asalowe m'diso linalo kapena m'mphuno. Pano madzi a pampopi kapena a pamjigo ndi okwanira, chifukwa chofunika ndi kufulumira ndi kuchuluka kwa madziwo. Tetezani maso anu ndi zilonda za m'manja mwanu, ndipo mukatha pitani naye kwa dokotala, pakuti ululuwo umasiya zilonda pagalasi la diso. Chithandizo choyambachi n'chimodzimodzi diso likagweredwa sopo, laimu kapena mankhwala a m'munda.

Kusaona kwina kumabwera mwakachetechete kudzera m'mbale. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo thupi lake limafuna chinthu china cha m'zakudya chotchedwa taurine, chomwe chimapezeka mu nyama, mtima, chiwindi ndi nsomba koma mulibe mu nsima, mpunga kapena masamba. Mphaka wodyetsedwa nsima ndi msuzi wokha, kapena chakudya cha agalu, kwa miyezi yambiri, amawonongeka mbali ya m'kati mwa diso imene imalandira kuwala, ndipo kuwonongekako sikubwezeka. Mtima nawonso umafooka. Wogwira makoswe amadzipezera yekha mbali ina, koma wokhala m'nyumba amadalira inu, choncho pachakudya chake cha tsiku ndi tsiku pasasowe nyama, nsomba yophika kapena chakudya chopangidwira amphaka. Maganizo akuti mphaka akakhuta sagwira makoswe ndi olakwika, chifukwa kusaka ndi chibadwa chake, ndipo wathanzi ndiye amasaka bwino.

Mphaka wopitirira zaka 10 akayamba kugunda mipando mwadzidzidzi, timadontho ta m'maso titakula osachepa ngakhale padzuwa, kawirikawiri magazi ake akuthamanga kwambiri, nthawi zambiri chifukwa cha matenda a impso. Akalandira mankhwala m'masiku oyambirira, kuona kumatha kubwerera, koma akachedwa sikubwerera. Kwa amphaka aamuna, kuwathena kumachepetsa kuyendayenda usiku ndi ndewu, zomwe ndizo zimang'amba makutu ndi kukanda maso.

Popita kwa dokotala

Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, ndipo m'mizinda muli madokotala ena oyima paokha. Kumaboma, yambirani ku ofesi ya zaulimi kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, omwe angakuuzeni kopita ngati vutolo lawakulira. Nyamulani mphaka m'basiketi yotseka kapena m'katoni yolimba yoboola timabowo, mutayalamo nsalu imene amagonera, osati m'thumba, momwe amabanika ndi kutentha. Tsiku limenelo musatsuke khutu lodwalalo, chifukwa dokotala amafuna litsiro lomwelo kuti aliyang'ane pa makina oonera tizilombo n'kudziwa ngati vuto ndi tizilombo ta m'makutu, bakiteriya kapena yisiti, popeza chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Tengani mabotolo a zonse zimene mwathira kapena kupaka, ndipo nenani mosabisa tsiku limene vuto linayamba, ngati lili mbali imodzi kapena zonse, zimene mphaka amadya, ndiponso ngati ziweto zina za pakhomo zikudzikanda kapena kuyetsemula.